M'mimba mwa ng'ona ya ababa

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene ndinkasanduka ng'ona Loweruka lililonse. Masiku ena onse ndinali Esinati wa Sitandade 6, wa yunifolomu yosita bwino, wokhala kutsogolo m'kalasi. Koma Loweruka likafika, ababa ankandigoneka chafufumimba, kundilowetsa m'chinyama cha siponji, n'kutseka zipi kumsana.

Ababa, a Zuze, anabwera ku Blantyre kuchokera kuchigwa cha Shire ali mnyamata. Pakati pa sabata ankasamalira maluwa panyumba ina yaikulu ku Sunnyside, ndipo ankabwerera kwathu ku Mbayani wapansi, dothi lili m'zikhadabo. Kumapeto kwa sabata ankasanduka mwini gulu la zisudzo ndi magule. Tinalipo asanu ndi awiri, ng'oma zitatu ndi ulimba umodzi wa zikwa zong'aluka. Gululo linalibe holo, linalibe bwalo. Tinkangoyenda nalo kulikonse kumene kuli msika: lero ku Ndirande, sabata yamawa ku Chirimba, ina ku Bangwe. Amayi akadandaula kuti mwanayu akutopa, ababa ankayankha kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, n'kudziseka okha mpaka kutsokomola. Ine sindinkaseka.

Sewero limene anthu ankalikonda linali la mwamuna waulesi amene ankatuma mkazi wake kumtsinje tsiku ndi tsiku iye ali pa bawo, mpaka tsiku limene anapitako yekha ng'ona n'kumugwira thalauza. Mwamuna waulesiyo anali ababa. Ng'onayo anaisoka okha ndi siponji ya matiresi akale, waya wa khola la nkhuku ndi chinsalu cha tenti chimene anachipaka penti yobiriwira. Mano anasema a nsungwi. M'gulu monse amene ankakwanamo ndinali ine ndekha, basi nkhani inathera pomwepo, sanandifunse n'komwe.

M'katimo munkanunkha penti ndi thukuta langa la sabata yatha. Miyendo inkalowa kumchira, mikono inkalowa m'miyendo yakutsogolo imene inali yosoka kunsonga, moti zala sizinkagwira kanthu. Dziko ndinkalionera pakati pa mano, ndipo chimene ndinkaona chinali mapazi a anthu, makoko a nthochi ndi fumbi. Zipi inali kumsana. Wondilowetsa ndiye anali wonditulutsa, ndipo ababa akatanganidwa anali azakhali anga a Mariya, amene ankasewera ngati mkazi wa mlesi uja.

Komabe ng'onayo sindinkadana nayo kwenikweni. Chimene ndinkadana nacho ndi mtima wanga wonse chinali malonje.

Ababa anali ndi lamulo lakuti ng'oma isalire, munthu asavale chovala chilichonse cha sewero, tisanapereke malonje kwa eni malo. Tonse tinkaima pamzere nkhope zili poyera. Iwo ankaomba m'manja mofatsa, akukhwekhwereza phazi pansi monga achitira amuna a kwathu, n'kuyamba kulonjera: amayi ogulitsa tomato, madala a pa bawo, eni masitolo, ngakhale oitanira minibasi. Kenako ankatitchula mmodzimmodzi. "Uyu ndi Esinati, mwana wanga woyamba, ndiye alowe m'ng'ona." Ine ndinkayenera kupinda maondo anthu onse akundiyang'ana. Zinkatenga nthawi, dzuwa likuswa mtengo, ndipo ndinkaona ngati tikupempha chifundo.

Vuto linali lakuti kusukulu ndinali nditauza anzanga kuti ababa amagwira ntchito ku Sunnyside, n'kulekera pomwepo. Sindinaname. Ndinangowasiya kuti adzijambulire okha ofesi, tayi ndi telefoni. Mwambi uja wakuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo ndinkaudziwa bwino, ndinaukhoza ngakhale pamayeso. Koma mnzanga wa pabenchi, Tiyanjane, ankabwera ndi buledi wopaka majarini, ndipo bambo ake anali ndi galimoto. Ndikanamuuza bwanji kuti anga amagubuduka m'fumbi pamsika thalauza ili m'maondo, anthu akuwaseka? Kusiya gulu sindikanatha, kuulula sindikanatha. Loweruka lililonse ndinkangopemphera kuti pasapezeke wondidziwa.

Loweruka lina la mu Novembala tinapita ku Limbe. Kunatentha kuyambira m'mawa, kutentha kuja kumene nkhuku zimayasamula, ndipo mitambo yakuda inali itaunjikana kumbali ya phiri la Bangwe. Ababa anali atapempha malo ovalira kwa mwini sitolo ina ya zipangizo za galimoto pafupi ndi depoti. Anali munthu wa ku Nigeria, wamtali, wa mawu okuluwika, amene aliyense ankangomutchula kuti a Tunde. Chichewa anaphunzira kwa akazi awo a ku Thyolo, ndipo ankachilankhula mothamanga ngati akukalipa. Oitanira minibasi ankawaopa. Tinadabwa tonse kuti atangomva za ng'oma anatitsegulira kachipinda kawo kosungiramo katundu, kamene khomo lake linali kuseri, kukanjira kotsetsereka. Tinaika zovala ndi ng'ona m'menemo, pambali pa makatoni awo.

Tikutuluka kuti tikaime pamzere, ndinamuona Tiyanjane. Anali ndi amayi ake, atanyamula jumbo ya nsapato zatsopano, akubwera kudzaona chimene anthu asonkhanira. Ndinatsalira m'mbuyo ngati ndikumanga nsapato, ndipo azakhali atakhota pakona ndinabwerera m'kachipinda kaja.

Nzeru ndinali nazo kale, ndinali nditaziganizira masiku ambiri. Ndinamasula chingwe cha nsapato, n'kuchimangirira ku zipi. Ndinalowetsa miyendo, kugona, kudutsitsa chingwecho paphewa, n'kuyamba kukoka. Zipi inayenda bwinobwino mpaka m'khosi. Ndinapanikiza mikono kuilowetsa m'miyendo yakutsogolo, n'kupuma. Ndinadziona wochenjera kwambiri. Malonje akatha azakhali abwera kudzavala, andipeza ndakonzeka kale, andikalipira pang'ono, ndituluka ndili ng'ona, ndipo Tiyanjane aomba m'manja osadziwa kanthu. Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Sindinaganizeko kuti chingwe chokokera kukhosi chimangotseka, sichitsegula.

Ndinkawamva ababa chapatali akuomba m'manja. Ndinawamva akutchula azakhali, akutchula oimba ng'oma. Atafika pa dzina langa panali kachetechete pang'ono, kenako anapitirira. Asanamalize, mphepo inawomba chitseko, ndipo madontho akuluakulu anayamba kugwa padenga la malata limodzilimodzi. Panamveka phokoso la anthu akuthawa, mabeseni akugundana, wina akukuwa kuti phimbani ng'omazo.

Kenako panamveka mapazi m'kanjira kaja. Anthu anali atathawira pansi pa denga, pafupi ndi khomo. Pakati pa mano ndinaona nsapato zazikulu za a Tunde zitaima pakhomo. Anasuzumira, n'kuona mulu wa zovala ndi chinyama cha siponji chili phee. Mpata wanga unali umenewo. Ndikanangoti, "Ndili muno," zonse zikanathera pomwepo. Koma kumbuyo kwawo ndinamva mawu a Tiyanjane akuti, "Amayi, nsapato zanga zinyowa." Ndinatseka pakamwa. Chitseko chinatsekedwa, ndipo ndinamva loko akulira.

Mvula inabwera yonse nthawi imodzi. Amene anakhalapo m'nyumba ya malata yopanda siling'i mvula yoyamba ikugwa akudziwa kuti ngakhale woyandikana naye sumumva. Poyamba sindinaope. Ndinkati ikakata abwera. Ndinayesa kubweza mkono kuti ndiutulutse, koma m'katimo munali mothina, chigongono chinkangogunda waya. Ndinayesa kugubuduka, mchira unakodwa pakati pa makatoni. Ndinayesa kukwawa monga ndinkachitira pasewero, ndinangosuntha pang'ono mphuno ya ng'ona n'kugunda khoma.

Madzi ndinayamba kuwamva m'maondo. Ankalowa pansi pa chitseko kuchokera m'kanjira kotsetsereka kaja, ofiira, atatenga mapepala ndi zitsekerero za mabotolo. Siponji inayamba kumwa. Chinyama chimene ndinkachinyamula ndi dzanja limodzi chinayamba kulemera ngati bulangete lonyowa, n'kumandikanikizira pansi. Madzi ofika m'kakolo si kanthu kwa munthu woimirira. Ine ndinali chafufumimba, chibwano chili pafupi ndi simenti.

Pamenepo ndinakuwa. Sindinaitane azakhali, sindinaitane amayi. Ndinakuwa kuti, "Ababa! Ababa!" mawu amene ndinali ndisanawatchulepo mokweza pagulu chaka chonsecho. Mawuwo ankathera m'siponji momwemo. Ndinalira, ndinadzikodzera, ndinanena Atate Wathu mpaka pakati n'kuiwala kotsatira. Khosi linandipweteka chifukwa chodzutsa mutu, ndipo ndikautsitsa pang'ono madzi ankandikhudza mlomo. Ndikukumbukira kuti ndinaganiza chinthu chopusa: anthu adzati mwana wa a Zuze anamira m'mimba mwa ng'ona pakati pa tawuni ya Limbe, ndipo ena adzaseka. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chiyambire, ndipo sindinachitenso mpaka lero.

Amene anandipulumutsa ndi makatoni. A Tunde anakumbukira kuti katundu wawo ali pansi, ndipo anabwera akuthamanga atafunda pepala la pulasitiki. Atatsegula, kuwala kunalowa, ine n'kuponya mchira ndi mphamvu zanga zonse zotsala. Bambo wamkulu uja analumpha chammbuyo, kukuwa m'chilankhulo chakwawo, n'kugwera m'matope. Kenako anamva kulira. Anandikokera panja pogwira kukamwa kwa ng'ona, anayesa zipi, inakana, ndiye anatulutsa kampeni kotsegulira makatoni n'kung'amba msana wonse kuyambira m'khosi mpaka kumchira.

Anandinyamula kupita nane m'sitolo. Azakhali atandiona anagwira kumutu, kundikumbatira, kundimenya kambama, kundikumbatiranso. Anandivula zonyowa kuseri kwa kauntala n'kundikulunga m'chitenje chawo. Ababa panalibe. Anali atatuluka mvula itangoyamba kukandifunafuna, chifukwa wina anati waona kamtsikana kakuthamangira kungalande yaikulu ya kumunsi kwa depoti. Oimba ng'oma awiri anathamanga kukawaitana.

Tikudikira, a Tunde anandipatsa tiyi wa mkaka m'kapu yawo, n'kukhala pa tayala moyang'anizana nane. Matope anali akadali kumsana kwawo.

"Iwe, unalowa malonje asanathe?"

Ndinagwedeza mutu.

"Chifukwa?"

Ndinaweramira m'kapu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuyang'ananso panja pamene anthu anali atayamba kutuluka m'makonde, ndipo ndikuganiza kuti anadziwa.

Anandiuza kuti kwawo, pakati pa anthu a Chiyoruba, kunali magulu ngati la ababa kuyambira kalekale. Anayamba ndi ovala zinyawu za kumeneko, amene ankavina polemekeza makolo amene anamwalira. Pambuyo pake ena anayamba kusangalatsa mafumu kunyumba zawo, kenako anatuluka n'kumayenda mzinda ndi mzinda, ng'oma pamutu, akusewera m'misika. Munthu ankafunda chinsalu chachikulu thupi lonse, n'kusinthira momwemo anthu akuona, kutuluka ali nsato, ali kambuku, ali chidakwa, ali mzungu wa mphuno yaitali. Luso limeneli linkayenda m'banja, bambo kusiyira mwana. Agogo awo a Tunde aamuna anali mtsogoleri wa gulu lotere.

"Ndipo choyamba, asanapange chilichonse, malonje," anatero akuomba m'manja kamodzi. "Kwa mwini mzinda, kwa amayi, kwa amene anawaphunzitsa. Kwathu amanena za wina amene anathamangira kusanduka ng'ona osalonjera. Mvula inagwa, iye analephera kubwerera kukhala munthu, anangolowa m'madzi. Ndili mwana ndinkati ndi nkhani ya mankhwala. Lero ndaiona ndi maso m'chipinda changa." Anaseka pang'ono, kenako analeka. "Ukalonjera, anthu amadziwa kuti m'chinyamamo muli mwana wa munthu. Ine ndinasuzumira, ndinaona siponji. Ndikanakuona pamzere, ndikanafunsa kuti kamtsikana kaja kali kuti."

Azakhali anawafunsa ngati gulu la agogo awo lidakalipo. A Tunde anapukusa mutu. Anati bambo awo anapita kusukulu ya mishoni n'kukhala kalaliki, ndipo nkhani ya zinsalu ndi ng'oma sinkatchulidwa m'nyumba. Iwonso ali pasukulu, akafunsidwa za agogo awo, ankangoti ndi mlimi.

"Madala aja ankaimba nyimbo ya malonje yaitali kuchoka pano kukafika ku Blantyre," anatero. "Ine sindidziwa ngakhale mzere umodzi. Ndinawabisa mpaka anatha."

Ababa anafika mvula itakata. Anali atavalabe malaya awo oyera a malonje, koma anali ofiira ndi matope mpaka m'khosi. Nsapato imodzi inali itapita ndi madzi, ndipo phazi lopanda nsapatolo linkachucha magazi. Ndinamva pambuyo pake kuti anatsika m'ngalande muja, madzi m'chiuno, akupisa manja pansi pa kamlatho pamene zinyalala zimakodwa. Asanatero anazungulira msika wonse akufunsa, "Mwamuonako mwana wanga?" Ndipo amayi a tomato, omwe aja anali atangowalonjera, ankayankha kuti, "Mwana wanu uti, bambo? Pamzere paja panalibe mwana."

Ndinadikira mbama, sinabwere. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anandigwira tsaya ndi dzanja lozizira, n'kutembenukira kwa a Tunde. Anaomba m'manja, kukhwekhwereza phazi lamagazi lija pasimenti, n'kunena kuti, "Takhuta, bambo," kumene ndi kuthokoza kwa kwathu. Kenako anandigwira paphewa n'kundiimika pakhomo la sitolo, pamene anthu anali atasonkhana kudzaona mwana wotuluka m'ng'ona.

"Eni malo, pepani, malonje athu anatsala pang'ono," anatero. "Uyu ndi Esinati, mwana wanga woyamba."

Tiyanjane anali pomwepo, kutsogolo, jumbo yake ili m'manja. Ine ndinali m'chitenje cha azakhali, tsitsi lili ndi zidutswa za siponji. Sindinapinde maondo. Ndinayang'ana pansi mpaka anthu anabalalika.

Tsiku limenelo sewero silinachitike. Tinakwera minibasi mpaka m'tawuni, n'kuyenda wapansi kupita ku Mbayani, ababa akutsimphina, ng'ona yong'ambika ili paphewa ikudontha madzi. Titawoloka msewu waukulu, ena atatsogola, anandifunsa mosakweza mawu, osandiyang'ana.

"Esinati, ukuchita manyazi ndi ng'onayi kapena ndi ine?"

Ndinkadziwa yankho, iwonso ankalidziwa. Tinayenda mpaka kunyumba popanda wolankhula.

Sanandilowetsenso m'ng'ona. Anaisoka msana, anaikulitsa pang'ono, n'kumalowamo mwana wa mlongo wawo. Loweruka ndinkatsala pakhomo ndi mabuku anga, monga ndinkafunira. Kusukulu ananditchula Ng'ona mpaka Sitandade 8, ndipo sindinafe nazo. Tiyanjane anangondifunsa ngati m'katimo munkaoneka kunja, basi, n'kundigawira buledi monga kale. Chinthu chimene ndinatsala pang'ono kufera chinali chaching'ono choncho.

Koma funso lija linatsala. Ababa sanalibwerezenso, ndipo ine ndinkati ndidzayankha ndikadzakula, ndikadzapeza mawu abwino. Ndinapita kusekondale, ndinapita kukoleji, ndinayamba uphunzitsi. Ndinkawagulira nsapato Khirisimasi iliyonse, ndipo ankazilandira ndi manja awiri. Gulu lawo linatha pang'onopang'ono, anthu atayamba kuonera mafilimu m'mavidiyo ndi m'mafoni. Ndikapita kukawaona tinkakamba za mvula, za mitengo ya zinthu, za ana anga. Kangapo ndinatsegula pakamwa, mawu n'kukanirira ngati zipi ija. Anamwalira ndisananene.

Panopa ndikumvetsa kuti pamzere paja ababa sankapempha chifundo. Ankatisungitsa kwa anthu. Munthu wolima maluwa a eni, wopanda mpanda, wopanda galimoto, analibe china chotitetezera nacho m'misika ya eni koma kutitchula maina pamaso pa onse, kuti chikachitika china aliyense adziwe kuti uyu ndi mwana wa uje. Ndipo m'moyo wawo wonse, pamzere paja ndi pokhapo pamene ankaima mowongoka n'kunena mokweza kuti ndine wawo. Ine ndi pomwe ndinkathawa.

Pamaliro awo ku Mbayani kunabwera anthu amene sindinkawadziwa, amayi okalamba a m'misika, amuna a imvi amene kale ankaitanira minibasi. A Tunde sanabwere, anali atabwerera kwawo zaka zambiri m'mbuyomo. Mwambo uli mkati, wotsogolera anati wina wa kubanja athokoze anthu, ndipo amalume anayamba kudzuka. Ndinawagwira mkono. Ndinaima pafupi ndi bokosi, ndinaomba m'manja monga ankaombera, ndinapinda maondo mpaka pansi.

"Eni malo," ndinatero, "ine ndine Esinati, mwana woyamba wa a Zuze. Ndine ndinkalowa m'ng'ona."

Mayi wina wachikulire kumbuyo anayankha kuti, "Tikukudziwa, mwanawe. Ankakutchula Loweruka lililonse, ngakhale utasiya kubwera."